Fulashi ikamachedwa kulandira mafayilo, yambani mwayang'ana apa

Ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe kumapeto kwa sabata. Mkati mwa sabata ndimakhala pa kashopu kanga, kutayipira anthu makalata, kupulinta ndi kuwaponyera nyimbo m'mafulashi. Kale vidiyo ya ukwati tinkaipereka pa DVD, koma masiku ano aliyense akufuna pa fulashi kuti akafika kunyumba angosomeka pa TV. Choncho kamzera kobiriwira ka Windows kaja, koonetsa pamene kukopera kwafika, ndimakaona tsiku ndi tsiku, ndipo kwa nthawi yaitali kankandidwalitsa mutu. Kompyuta ilemba kuti kwatsala mphindi 5, utembenuke kupereka chenji, pobwerera upeza yalemba mphindi 40. Mayi wina wa m'komiti ya ukwati, atatopa kudikira pabenchi, anandifunsa mwaulemu ndithu kuti, "Achimwene, kodi kompyuta yanuyi ndi ya chaka chanji?" Komatu kompyutayo inalibe mlandu. Wochedwetsa anali fulashi imene iwowo anabwera nayo.

Ukadandaula za vutoli kwa anzako, malangizo amabwera ofanana: ifomateni, muli vayirasi, gulani laputopu ina. Palibe chimodzi mwa zitatuzi chimene chiyenera kukhala choyamba. Fayilo ikamachoka pa kompyuta kupita mu fulashi imadutsa malo angapo: disiki imene ikuchokera, bowo limene mwasomekamo, ndi fulashi yeniyeniyo. Liwiro lonse limatsatira chimene chili chochedwa kwambiri pa zimenezi. Kuwonjezera apo, mtundu wa mafayilo amene mukukopera nawonso umasintha zinthu kwambiri. Ntchito ndi kupeza kuti chikuchedwetsacho ndi chiti, ndipo kuchipeza sikufuna katswiri.

Ine ndimasunga vidiyo imodzi ya pafupifupi 2 GB pa desktop, ya ntchito yoyesera basi. Fulashi ikayamba kundikayikitsa, ndimaimitsa zonse n'kukoperamo vidiyo imeneyi yokha. Pa kawindo kamene kamatuluka, dinani pamene palembedwa More details. Kuyambira Windows 8, pamenepo pamaoneka chithunzi cha liwiro, ndi nambala yolembedwa MB/s, kutanthauza ma megabyte amene akulowa pa sekondi iliyonse. Nthawi imene kompyuta ikunena kuti yatsala musaitengere kumtima, imangolosera potengera masekondi angapo apitawo. Nambala ya MB/s ndiyo imanena zoona.

Kuti nambalayo ikuuzeni kanthu, muyenera kudziwa malire ake. USB 2.0, imene inatuluka mu 2000, imalembedwa kuti 480 Mbps. Amenewo ndi ma megabit, ndipo ma bit 8 ndiwo amapanga byte imodzi, ndiye pa pepala ndi 60 MB/s. Pa ntchito yeniyeni simudzaona zoposa 30 mpaka 40. USB 3.0 inabwera mu 2008 ndi 5 Gbps, ndipo chipangizo chabwino chimatha kufika pa 400 MB/s. Kusiyanaku kumamveka bwino ukakuwerengera pa wotchi. Vidiyo ya 16 GB ikamalowa pa 30 MB/s imatha m'mphindi 9. Ikamalowa pa 5 MB/s imadya mphindi zoposa 50, ndipo 5 MB/s ndi liwiro limene ndimaliona kawirikawiri pa mafulashi otchipa amene anthu amabwera nawo.

Maonekedwe a chithunzi chija nawo amalankhula. Mzere ukakhala wosalala kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, cha pa 30 kapena 35, dziwani kuti mwagunda denga la USB 2.0, ndipo muyenera kuyang'ana bowo. Ukakhala wosalala koma uli pansi, pa 4 kapena pa 8, pafupifupi nthawi zonse ndi fulashiyo, chifukwa ngakhale bowo lakale la 2.0 limatha kupereka zoposa pamenepo. Pali wina umene umanyenga anthu ambiri: umayamba pamwamba, mwina pa 90 kapena kuposa, munthu n'kusangalala, kenaka patangopita masekondi ochepa umagwa ngati wagwera kuphompho. Liwiro loyambalo silinali lenileni. Mafayilo anali akungounjikana mu RAM, malo ofulumira amene kompyuta imasungiramo zinthu kwakanthawi, kapena m'kagawo kakang'ono kofulumira kamene mafulashi ena amakhala nako. Malo amenewo akadzaza, mumaona liwiro limene fulashiyo imathadi. N'chifukwa chake kuyesa ndi kanyimbo kamodzi n'kutaya nthawi, kamatha kulowa liwiro lisanagwe. Ndiye pali mzere wa manomano, wokwera n'kutsika mpaka pa ziro, n'kukweranso. Umenewo umabwera ndi timafayilo tating'ono tambirimbiri, kapena fulashi imene ikupumira kaye kuti ikonze malo mkati mwake. Ndibwereranso pa ziwirizi.

Za mabowo ndinaziphunzira pa desktop yanga, imene ndinagula yogwirapo kale ntchito monga ambiri timachitira. Mabowo awiri akutsogolo, amene dzanja limafikira msanga, ndi a USB 2.0. A 3.0 ali kumbuyo, kufumbi, pamene pamafuna kugwada. Bowo la 3.0 nthawi zambiri limakhala ndi kalilime ka buluu mkati, kapena zilembo SS pambali pake. Ndikuti nthawi zambiri chifukwa opanga ena amasiya kalilimeko kakuda, makamaka pa malaputopu. Mukafuna kutsimikiza, walitsani tochi ya foni mkati. Pulagi ya 2.0 ili ndi tizitsulo 4 tokha. Ya 3.0 ili ndi tina 5 towonjezera, tonse pamodzi 9, ndipo pa fulashi towonjezerato tili mkatikati. Zonse ziwiri, bowo ndi fulashi, ziyenera kukhala za 3.0. Chimodzi chikakhala cha 2.0, zonse zimayenda pa 2.0.

Tizitsulo tamkatikati tija tili ndi khalidwe limene anthu sakhulupirira mpaka ataliona. Mukasomeka fulashi ya 3.0 pang'onopang'ono, mwaulemu, tizitsulo 4 takutsogolo timayamba kukhudza, kompyuta n'kugamula kuti chabwerachi ndi cha 2.0 tina tija tisanafike. Imakhala choncho mpaka mutazula. Ndiye fulashi yomwe dzulo imathamanga, lero ikukwawa pa bowo lomwelo. Zulani, musomekenso mwakamodzi mpaka kumapeto. Fumbi ndi tinyenyeswa ta m'thumba la buluku zimachitanso chimodzimodzi, chifukwa zimaunjikana pomwe pali tizitsulo tija. Ndimapemerera mwamphamvu, kapena kutokosa ndi kamtengo kotokosera mano. Singano ndi waya ayi.

Ngati kompyuta yanu ikadali pa Windows 7, pali china. Windows 7 sinabwere ndi driver (kapulogalamu koyendetsa chipangizo) ya USB 3.0, Microsoft inayamba kuiphatikizamo pa Windows 8. Amisiri ena akamaika Windows mwachangu saiikamo, ndiye mabowo a buluu aja mwina sagwira n'komwe, mwina amagwira ngati a 2.0. Tsegulani Device Manager, pitani pa Universal Serial Bus controllers, muone ngati pali mzere wotchula USB 3.0 kapena eXtensible Host Controller. Ngati palibe, ndipo penapake pali chizindikiro chachikasu, katengeni driver patsamba la kampani imene inapanga kompyutayo. Palinso kapulogalamu kaulere kotchedwa USB Device Tree Viewer kamene kamaonetsa liwiro limene chipangizo chilichonse chalumikizidwira. Kakalemba SuperSpeed ndiye 3.0. Kakalemba High-Speed musanyengeke ndi dzinalo, imeneyo ndi 2.0. Kakalemba Full-Speed zafika poipa, chifukwa limenelo ndi liwiro la USB 1.1, 12 Mbps, lomwe silipitirira 1.5 MB/s.

Chotsaninso chilichonse chimene chili pakati pa fulashi ndi kompyuta. Timabokosi togawa bowo limodzi kukhala mabowo anayi tambiri ndi ta 2.0, ndipo zonse zosomekedwapo zimagawana njira imodzi. Zingwe zotalikitsira zotchipa n'chimodzimodzi. Pa ntchito yanga chimene chinkandichedwetsa kwambiri chinali kukopera kuchokera mu memori khadi ya kamera kupita mu fulashi mwachindunji, zonse ziwiri zili pa kabokosi kamodzi. Tsopano ndimayamba ndatsitsira pa kompyuta, kenaka n'kutumiza mu fulashi. Zimaoneka ngati ntchito iwiri koma zimatha msanga. Musayambitsenso ntchito ziwiri kapena zitatu zokopera mu fulashi imodzi nthawi imodzi, chifukwa zimalimbirana ndipo zonse zimachedwa kuposa zikanatsatizana. Disiki ya kompyuta nayo muiyang'ane. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager itseguke, mupite pa Performance. Ngati disiki ya C ili pa 100% chifukwa Windows ikudzikonza kapena pulogalamu ya vidiyo ikugwira ntchito, fulashi ingokhala kudikira.

Zonsezi mukazikonza, kawirikawiri mupeza kuti wotsala ndi fulashi yeniyeniyo, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri safuna kumva. Pa paketi pamalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti USB 3.0, mwina n'kuwonjezera nambala ngati 100 MB/s kapena 150 MB/s. Werengani tizilembo ta pansi pake. Nambala imeneyo ndi ya kuwerenga, kutanthauza kuchotsa mafayilo mu fulashi kupita pa kompyuta. Liwiro la kulemba, lomwe ndi limene limakudikiritsani, ambiri salitchula, ndipo kampani ikabisa nambala imeneyo dziwani kuti si yonyaditsa. Ndili ndi mafulashi enieni, osati achinyengo, amene amatulutsa mafayilo pa liwiro loposa 100 koma polandira amangofika cha pa 10. Chizindikiro cha 3.0 chimangonena za njira imene ilipo pakati pa fulashi ndi kompyuta. Sichilonjeza kuti kachipangizo kosungira kali mkatimo kakhoza kumeza zonse zimene zikubwera. Mayina nawo amasokoneza: USB 3.1 Gen 1 ndi USB 3.2 Gen 1 ndi 3.0 yomwe ija ya 5 Gbps, anangoisintha dzina. Ngakhale pulagi yamakono ya USB-C si umboni wa liwiro, pali zingwe ndi mafoni ambiri a USB-C amene mkati mwake ndi 2.0.

Chifukwa chimene kulemba kumachedwera chili m'mapangidwe a fulashi. Malo osungira agawidwa m'timasamba ting'onoting'ono, ndipo timasambato tili m'magulu aakulu. Fulashi imalemba tsamba ndi tsamba, koma singalembe pamwamba pa zimene zilipo kale. Iyenera kufufuta kaye, ndipo kufufutako kumachitika pa gulu lonse. Ngati m'gulumo muli zina zofunika, imayamba yazisamutsa, n'kufufuta, n'kulemba. Fulashi yatsopano imapeza malo oyera paliponse. Imene yakhala ikudzazidwa ndi kufufutidwa kwa zaka imagwira ntchito yonseyi mobwerezabwereza, ndipo ikatsala pang'ono kudzaza imasowa ndi posamutsira pomwe. Ndi nthawi imeneyo pamene mzere uja umagwera pa ziro kwa masekondi angapo. Ine sindidzaza fulashi mpaka pakamwa, ndimasiyako malo. Kutentha nako kumawonjezera. Timafulashi tachitsulo tating'ono ngati chikhadabo timatentha zedi tikamalandira vidiyo yaikulu, makamaka mu Okutobala pansi pa denga la malata, ndipo tina timadzichepetsera liwiro tokha kuti tisapse. Mukagwira n'kumva kuti kakuwotcha chala, malizani fayilo imeneyo, mukapumitse, muyambirenso kenaka. Ndipo musapange defragment (kusonkhanitsa pamodzi zidutswa za mafayilo) pa fulashi. Zimenezo zimathandiza hard disk yozungulira, pa fulashi zimangoikalambitsa.

Nkhani ya timafayilo tating'ono ndinaiona bwino tsiku limene mphunzitsi wina anabwera ndi laputopu yake kuti timusungire zonse asanaipititse kokonzetsa. Foda yake inali yosakwana 3 GB, koma munali masauzande a timakalata ta Word, mayeso a zaka zambiri, ndi foda yonse ya WhatsApp imene anatsitsa mu foni, yodzaza timawu tojambula ndi timasitika. Liwiro linatsika mpaka kumawerengedwa mu KB/s, osafikanso pa 1 MB/s. Iwo anadabwa: "Komatu dzana mwana wanga anaikamo filimu yaikulu kuposa izi, sinachedwe chonchi." Ndinawayankha kuti, "Aphunzitsi, taganizani za pa chigayo. Thumba limodzi la makilo 50 limangothiridwa, injini n'kumalira osaima. Koma abwere anthu 50, aliyense ndi kambale ka kilo imodzi, wachigayo ayenera kulandira ndalama, kusintha beseni, kugogoda, n'kuitana wina. Chimanga ndi chomwecho, koma tsiku litha." Pa fayilo iliyonse, kaya ndi yaing'ono bwanji, kompyuta imalemba dzina lake m'kaundula wa fulashi, kuipezera malo, kuilemba, kuitseka, n'kubwereranso kukaundula. Mafulashi otchipa ndi ofooka kwambiri pa kulumphalumpha kotereku.

Mankhwala ake ndi kumanga zonse kukhala fayilo imodzi. Tinagwiritsa ntchito 7-Zip, yomwe ndi yaulere, ndipo pa Compression level tinasankha Store, kuti ingomanga osayesa kufinya. Zithunzi za JPG, nyimbo za MP3 ndi mavidiyo n'zofinyidwa kale, kuzifinyanso n'kungotopetsa kompyuta. Mangirani pa disiki ya kompyuta, mukamaliza mukopere chimtolo chimodzicho. Chinalowa m'mphindi zochepa. Njirayi ndi ya zinthu zosunga kapena zopita pa kompyuta ina basi. TV ndi wailesi ya m'galimoto sizitsegula zip, ndiye nyimbo ndi zithunzi za kasitomala zimalowa momwe zilili, ndipo pamenepo n'kupirira.

Antivirus imawonjezera kuchedwa pa timafayilo totere chifukwa imafufuza kalikonse kamene kakudutsa. Ena amalangiza kuti muizimitse pokopera. Ine pa shopu sindiyerekeza. Fulashi imene yazungulira m'masukulu, m'maofesi ndi mobenera nyimbo siyenera kukumana ndi kompyuta yopanda chitetezo, ndipo mphindi zimene mwapulumutsa mudzazibweza kakhumi. Vayirasi yotchuka ija, imene imabisa mafoda n'kusiya ma shortcut, nayonso imachedwetsa, chifukwa imakhala ikudzilemba mu fulashi iliyonse imene yasomekedwa. Ngati kanyali ka fulashi kakuphethira inu musakuchita kanthu, kapena Windows ikukana kuitulutsa kuti ikugwiritsidwa ntchito, yang'anani mu Task Manager ngati muli pulogalamu yotchedwa wscript.exe imene simunaiyambitse. Ikapezeka, yambani mwayeretsa kompyuta. Mafoda obisika amabwerera mukatsegula Command Prompt, kulemba chilembo cha fulashi, mwachitsanzo E: kenaka attrib -h -r -s /s /d. Musafomate musanayese zimenezi, mafayilo amakhala akadalimo.

Kufomata kuli ndi malo ake, koma funso loyamba si liwiro, ndi lakuti fulashiyo ikasomekedwa pati. FAT32 ndi imene pafupifupi chilichonse chimawerenga: ma TV akale, ma DVD, masabuufa, mawailesi a m'minibasi. Vuto lake silandira fayilo yoposa 4 GB. Windows ikakuuzani kuti fayilo ndi yaikulu kwambiri pamene fulashi ili ndi malo ambirimbiri, chifukwa chake ndi chimenecho. exFAT, imene Microsoft inatulutsa mu 2006 poganizira zipangizo zonga izi, ilibe malire amenewo ndipo imagwira pa Windows ndi pa Mac. NTFS imalandiranso mafayilo aakulu, koma imalemba zambiri za m'kaundula, ndipo Mac imangoiwerenga osalembamo. Pa vidiyo yaikulu kusiyana kwa liwiro pakati pa zitatuzi ine ndimakuona kochepa, sikungasandutse 5 kukhala 50. Ndiye ndimafunsa kaye: "Mayi, mukaonera pa chiyani?" Akati TV yakale kapena DVD, ndimasiya FAT32 n'kudula vidiyoyo m'zigawo zosakwana 4 GB: kutchalitchi padera, kuholo padera, perekaniperekani padera. Anthu amakonda choncho, poti aliyense amathamangira pamene iye akuoneka akuvina. Pa Allocation unit size ndimasiya momwe Windows yasankhira. Kumbukirani kuti kufomata kumafufuta zonse, yambani mwasungira kwina.

Pali batani lina limene limatchulidwa kwambiri anthu akamakamba za vutoli. Mu Device Manager, pansi pa Disk drives, mukadina kumanja pa fulashi n'kusankha Properties kenaka Policies, mupeza Quick removal ndi Better performance. Microsoft inanena kuti kuyambira Windows 10 version 1809, imene imakhala yosankhidwa kale ndi Quick removal, kutanthauza kuti zonse zimalembedwa nthawi yomweyo kuti munthu akazula mwadzidzidzi asataye zambiri. Better performance imalola Windows kusunga kaye zina mu RAM n'kumazilemba pambuyo. Ndinayesa. Pa timafayilo tating'ono imathandizako pang'ono, pa vidiyo yaikulu sindinaone chosintha, chifukwa pamapeto pake zonse ziyenera kudutsabe pa fulashi yochedwa ija. Mtengo wake ndi wakuti kawindo kakhoza kutseka ngati zatha pamene zina zikadali m'njira. Magetsi akathima nthawi imeneyo, kapena mwana akazula fulashi, simutaya fayilo imodzi yokha, nthawi zina kaundula yense amawonongeka. Pa desktop yopanda UPS (batire losungira magetsi), m'dera limene magetsi amathima osatsanzika, ine ndinabwezera pa Quick removal. Wa laputopu ya batire lamoyo akhoza kuyesa, bola asaiwale kudina Eject nthawi zonse. Amene muli pa Linux, Ubuntu ndi zina zotero, izi zimachitika mwachibadwa: kukopera kumaoneka ngati kwatha msanga, kenaka kutulutsa fulashi kumadikiritsa. Musazule, ikulembabe.

Mafulashi achinyengo ndiwo anandipatsa nkhawa yoposa kuchedwa. Mnyamata wina anabwera ndi fulashi yolembedwa 128 GB imene anagula kwa woyenda nazo m'manja pa depoti, pa mtengo umene fulashi yeniyeni ya 16 GB siigulika. Windows inavomereza kuti ndi 128 GB. Pokopera, liwiro linali pansi pa 3 MB/s, koma zonse zinaoneka kuti zalowa, mayina a mafayilo ali bwinobwino. Potsegula, mavidiyo oyambirira okha ndiwo anasewera, otsatira onse anakana. Mafulashi otere mkati mwake mumakhala malo ochepa, koma anawasintha kuti azinamiza kompyuta. Malo enieniwo akatha, zimene zikubwera zimangotayika kapena zimalembedwa pamwamba pa zakale, popanda chenjezo lililonse. Kufomata sikuchiza, bodzalo lili m'kachipangizo koyendetsa fulashiyo.

Choyesera chake ndi kapulogalamu kaulere kotchedwa H2testw, kochokera ku magazini ya makompyuta ya ku Germany yotchedwa c't. Kakatseguka kamakhala m'Chijeremani, musadabwe, pamwamba pali posankha English. Fulashi ikhale yopanda kanthu, muisankhe pa Select target, mudine Write + Verify. Kamadzaza fulashi yonse ndi mafayilo oyesera, kenaka n'kuwawerenganso kuti kaone ngati abwerera momwe analowera. Pamapeto kamanena malo enieni amene alipo, komanso liwiro lenileni la kulemba ndi la kuwerenga. Kamatenga nthawi, pa fulashi yaikulu yochedwa ndi maola ndithu, ndiye ine ndimakasiya kakugwira ndikamachita zina. Ya mnyamata uja inapezeka kuti malo ake enieni sakwana 8 GB. Pa Linux ntchito yomweyi imagwiridwa ndi F3. Koma musasokoneze chinyengo ndi zachibadwa. Fulashi ya 32 GB kuoneka ngati 29 GB pa Windows si kuba, opanga amawerengera 1,000 pamene Windows imawerengera 1,024. Ngati mukungofuna kudziwa liwiro mwachangu, CrystalDiskMark imakupatsani m'mphindi zochepa. Mzere wa SEQ ndi wa mafayilo aakulu, wa RND4K ndi wa tating'ono, ndipo mukaona nambala ya kulemba pa mzere wachiwiriwu mumvetsa zimene zinachitikira aphunzitsi aja.

Fulashi imene kale inkathamanga koma tsopano ikuchedwa pa bowo lililonse ndi pa kompyuta iliyonse, ikuima pakati, ikudzizimitsa n'kudziyatsa ndi kaphokoso ka Windows kaja, kapena yayamba kunena kuti write protected, imeneyo ikufa. Malo ake osungira ali ndi malire a kuchuluka kwa kulembedwa ndi kufufutidwa. Chotsanimo zonse zofunika lero lomwe, muyambe ndi zimene mulibe kwina. Zoyesa chkdsk kapena kufomata zibwere pambuyo, chifukwa ntchito yolemetsa ikhoza kuimaliza.

Pa ntchito yanga ndinalekanitsa zinthu. Zojambula za kamera ndi mavidiyo amene ndikukonza zimakhala pa hard disk ya kunja ya USB 3.0, yomwe pa mafayilo aakulu imalemba cha pa 100 MB/s, ndipo amene angakwanitse SSD ya kunja, disiki yamakono yosazungulira, apeza liwiro loposa pamenepo. Fulashi ndi yoperekera ntchito yomalizidwa basi. Pogula ndimafuna imene paketi yake yatchula liwiro la kulemba, ndipo iliyonse imadutsa mu H2testw isanalandire ukwati wa munthu. Mtengo wake ndimauphatikiza pa mtengo wa vidiyo kuti ndisalimbane ndi mafulashi osadziwika kochokera. Wobwera ndi yake sindimubweza, koma ndimayamba ndaponyamo vidiyo yoyesera ija iye akuona. Liwiro likakhazikika, ndimagawa kukula kwa ntchito yake ndi nambala imeneyo, n'kumuuza kuti ndi mphindi zingati. Zikapitirira theka la ola ndimamuuza kuti akagule kaye zake kumsika, adzaitenge pobwerera, ndipo asananyamuke nayo timatsegula limodzi fayilo yomaliza kulowa n'kuidumphitsa mpaka kumapeto kuti tione kuti ikusewera.